Chigamba

Zaka makumi anayi ndakhala pa mpando umodzi,
pakhonde la sitolo ku Malangalanga,
phazi pa chopondera, diso pa singano.
Mathalauza a mu Lilongwe muno ndimawadziwa kumbuyo kwake:
a madalaivala amayamba kupyapyala pamatako,
a akalaliki amanyezimira kaye asanang'ambike.
Onsewo ndinawaika zigamba.
Sindinkadziwa kuti nalo thupi limadzisokera chake.

Chinayamba ngati kuyabwa chabe,
kumalo kumene munthu satchula pagulu.
Ine ndinati ndi thukuta la mu Okutobala.
Nangozo anati ndi mudzi, nandiwiritsira masamba.
Mnyamata wa ku famase anati chipere,
nandigulitsa kachubu ka mafuta. Ndinamaliza machubu asanu.
Mvula inabwera, inapita, chimanga chinauma,
ine ndikusoka chokhalira tako limodzi
ngati mlendo amene sanamupatse moni.

Mmawa wina ndinaona magazi papepala.
Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko:
ndinavindikira makina, ndinakwera minibasi,
ndinakafola pabenchi ku Central, kabuku kali m'manja.

Dokotala Kalinde, msinkhu wa mwana wanga wotsiriza.
"Agogo, gonani chammbali, mawondo pachifuwa."
Ndinayang'ana khoma.
Penti yake ndinaiwerenga ming'alu yonse.
Ine amene ndayeza ziuno za anthu mazanamazana
lero ndikuyezedwa, lamba ali pampando.
Iye sanaseke, sanatsonye.
Anangonena zimene akuona, ngati wowerenga miyezo:
chofiira, chonyowa, m'mbali mwake motuwa,
kukula kwake ngati chikhatho cha khanda.
"Ichi si chipere wamba. Dzina lake sindikupatsani lero.
Maso amanama, agogo. Ndidulako kachidutswa."
Anadula bwino, ndikuvomera.
Lumo sanalitafunitse nsalu.

"Koma magaziwo akuchokera mkati. Nakonso tikaoneko."

Usiku wonse ndinamwa madzi awo amchere,
njira ya kuchimbudzi ndinaipondaponda mpaka tambala.
Mmawa analowetsa kachingwe ka diso kunsonga,
ndipo pakanema ndinaona mkati mwanga,
mosalala ngati nsalu ya mkati mwa jekete yaukwati.
Kenako, apo! tinyama titatu,
tiwiri tokhala phee ngati mabatani,
kamodzi kolendewera pa kakhosi ngati bowa.
Anatikola ndi kawaya, nakoka monga timakokera mfundo,
natiika m'timabotolo tolembedwa dzina langa.

Ndinafunsa: "Zakunjazi ndi zamkatizi, n'zapachibale?"
Anavula magolovesi asanayankhe.
"Nthawi zina inde, chakunja chimakhala mthenga wa chamkati.
Nthawi zina n'zongoyandikana nyumba.
Aweruze ndi a ku labu. Mubwere pakatha masabata atatu."
Mawu oti khansa anawatchula kamodzi,
osawaponya, osawabisanso,
anangowaika patebulo pakati pathu ngati lumo lotseka.

Masabata atatu.
Suti yathunthu ndimasoka masiku anayi.

Nangozo wandisokera kapilo koboola pakati,
misoko yake yokhota, koma sindinanene kanthu.
Ndabwerera pakhonde.
Ndimadula nsalu choimirira, ndimasoka pang'ono, ndimaimanso.
Akandifunsa ndimati msana.
Kwinaku kachidutswa kanga kagona pagalasi,
munthu wosandidziwa nkhope akukawerenga ulusi ndi ulusi.
Aliyense amene ali, asathamange.
Ntchito yothamangira ndimaidziwa, imasosoka.

Dzulo masana, fumbi litachepa,
ndinayang'ana a Chadzunda okonza mawotchi,
anzanga a pakhonde lomweli chiyambire ndili ndi tsitsi.
Ndinaona mmene akhalira:
thupi lopendekera kumanzere,
akumasuntha pang'onopang'ono ngati mpando uli ndi msomali.
Ndinasiya kuponda makina.
Ndinaluma ulusi, ndinaulavula.
Ndinakoka mpando wanga kufupi ndi wawo,
ndipo ndinayamba ndi nkhani ya mtengo wa mabatire,
poti nkhani inayo
imafuna poyambira.